Mlongo wanga akudwala kundende, kodi zaumoyo kumeneko mwini wake ndani?

Nachisale_Domue

Moni nonse apagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma mutu waima, sindikudziwa chitseko choti ndigogode. Mlongo wanga wamkulu, amene anatilera ife bambo atatisiya, ali kundende mwezi wachinayi uno ndipo mlandu wake sunalowebe m'khoti, akungoti ndi preventivo adikire. Dzina la ndendeyo sinditchula, ndikuopa kuti zingawapweteke iwowo poti ndi amene ali mkatimo.

Achimwenewa amamwa ma ARV, chaka cha 7 chino, ndipo anali munthu wosadumphitsa olo tsiku limodzi, kumudzi kuno anali mu GAAC, gulu lotengerana mankhwala kuchipatala mosinthana, ndi anzawo asanu ndipo iwo ndi amene amakumbutsa enawo. Tsiku lomwe anawagwira anali kumsika ndi matumba a kachewere, botolo linatsala kunyumba, anakhala masiku 5 m'chitolokosi cha apolisi osamwa. Nditamva ndinathamanga nalo botolo lija, pageti analandira, zinayenda. Koma litatha ndi pamene mavuto anayamba. Ndafunsa agwarda akuti funsani anamwino. Anamwino amabwera masiku ena okha, nditawapeza akuti iwo mankhwala amenewo sasunga, amachokera ku centro de saúde ndiye mpaka wodwalayo apite naye kumeneko koma galimoto ilibe mafuta. Ndapita ku centro konkuja akuti mayi anthu akundende sitingangowayamba tokha, ibwere kalata yochokera kwa adirekitala. Ndabwerera pageti akuti adirekitala ali kumsonkhano. Masabata atatu akwana tsopano osamwa.

Loweruka pa vizita ndinalira ndithu. Munthu wathupi lake uja watha, akutsokomola, akuti usiku amadzuka malaya atanyowa ndi thukuta chonsecho kuno kukuzizira, m'manja ndi m'mpata mwa zala muli mphere zokhazokha. Potuluka munthu wina anandikokera pambali akuti ndikapereka 500 meticais yamafuta atha kuwatengera kuchipatala Lolemba. Ndalamayo ndikhoza kukongola, koma mtima ukukana, nanga mwezi wamawa ndidzaperekanso?

Ndiye funso langa ndi ili abale anga, munthu akadwala kundende amene ali ndi udindo weniweni ndani? Ndi a ndende kapena a zaumoyo? Nanga ineyo sindingakawatengere mankhwalawo ndi khadi lawo ngati mmene timachitira mu GAAC? Amene akudziwa andithandize, ndatopa ndi kuponyedwa uku ndi uku ngati mpira.

Namwino_wopuma_Moatize

Mayi Nachisale pepani kwambiri, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ndagwira ntchito yaunamwino zaka zambiri ndipo kwa kanthawi ndinali ine wopita kukaona odwala kundende ina. Ndiyambe ndi chachangu kenako ndiyankhe funso lanu.

Chachangu ndi chifuwacho. Munthu amene ali ndi kachilombo, wasiya mankhwala, akutsokomola, akutuluka thukuta usiku komanso akuonda, ameneyo timamuyeza TB tsiku lomwelo osadikira. Ndipo mvetsani apa chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa, kuti ayezedwe sikuti mpaka thupi lake lifike kuchipatala. Chofunika ndi makhololo. Namwino amamupatsa kabotolo, amalavuliramo, amalemba dzina ndi pepala lake, kabotoloko kakhoza kupita pa njinga yamoto kapena m'chikwama cha namwino yemweyo mpaka kumene kuli makina a GeneXpert. Makinawo amatha ntchito pa maola awiri basi ndipo amaonetsanso ngati TB yake ili yosamva rifampicina. Ndiye nkhani yoti galimoto ilibe mafuta isatseke njira imeneyi. Mukakumana ndi anamwino aja musawapemphe galimoto, apempheni kabotolo ka makhololo. Akapezeka nayo mankhwala ndi a miyezi 6, iwiri yoyambayo amakhala a mitundu inayi, inayi yotsalayo a mitundu yocheperapo, ndipo ndi aulere. Ma ARV nawonso ndi aulere. Ndalama ya 500 ija musapereke, mukapereka kamodzi dzina lanu lidziwika kuti ndinu opereka.

Za khadi, eya nzotheka. Ngati munalembedwa ngati confidente wawo, munthu wawo wodalirika, kuchipatala kumene amatengera, pitani ndi khadi lawo lomwe lili ndi NID, nambala yawo ya kuchipatala, mukafotokoze kuti ali kundende, nthawi zambiri amapereka. Koma imeneyi ndi njira yongozimitsira moto, komanso poti adumphitsa masabata atatu ndipo akudwala ayenera kuonedwa kaye ndi técnico kapena dokotala. Njira yokhalitsa ndi kupempha guia de transferência kuti fayilo yawo isamukire ku chipatala chomwe chili pafupi ndi ndendeyo, akatero dzina lawo limalowa m'buku la kumeneko ndipo palibenso anganene kuti si wathu.

Tsopano funso lanu lalikulu. Kuno ku Mozambique ndende zili m'manja mwa SERNAP, Serviço Nacional Penitenciário, ndipo SERNAP ili pansi pa unduna wa zachilungamo, osati wa zaumoyo. Mkati mwa SERNAP muli gawo loona zaumoyo, ndi limene limayang'anira tima posto ta m'ndende. Koma mankhwala a TB, ma ARV, labotale, kugoneka munthu m'chipatala, zonsezi ndi za MISAU, unduna wa zaumoyo, ndipo kuboma kwanuko amene amaziyendetsa ndi SDSMAS, ofesi ya zaumoyo ya distrito, komwe kuli médico chefe, dokotala wamkulu. Ndiye mukuona, kiyi ali ndi wina, mankhwala ali ndi wina. Wodwala ali pakati. Pamene adirekitala a ndende ndi médico chefe amakhala pansi nkugwirizana tsiku, zinthu zimayenda bwinobwino, ndinaziona ndi maso anga. Pamene sadziwana olo nambala ya foni, ndi pomwe pamachitika zimene mukuzionazi.

Chinanso chomwe chimandiwawa mpaka lero, namwino wa kundende amakhala yekhayekha. Mnzake wa ku centro amayenderedwa ndi supervisão, amaitanidwa kumaphunziro, akasowa chinthu amafunsa mnzake wa chipinda chinacho. Wa kundende lipoti lake limapita kwa munthu amene maphunziro ake ndi achitetezo, ndipo ukanena kuti uyu apite kuchipatala lero yankho limabwera loti tilibe asilikali omuperekeza. Ukalimbikira kwambiri umaoneka ngati uli mbali ya akaidi. Ambiri amangofooka nkumagawa paracetamol basi.

Ndipo zimandipweteka kuti GAAC imene mukuitchulayo inayambira konkuno ku Tete mu 2008, a MSF ndi a zaumoyo a chigawo chino ndi amene anaiyambitsa, dziko lonse linatengera kwa ife ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira. Tinakwanitsa kufikitsa mankhwala kumidzi yakutali ya ku Macanga ndi Chifunde koma tikulephera kuwalowetsa pageti lomwe lili m'tauni momwemo.

Chomaliza, musanalembe kalata iliyonse yotchula matenda awo afunseni kaye achimwene anuwo ngati akulola. Ndi chinsinsi chawo, ndipo mkati muja nkhani zimayenda msanga.

Mbadwa_ya_Zobue

Chemwali ine ndinakhalamo chaka ndi miyezi 8 ndiye ndilankhula zomwe ndinaona osati zomva. Adala anamwinowa anena zoona zonse koma pali bwana wina amene sanamutchule ndipo ameneyo ndi amene amalamula zoti upita kwa namwino kapena ayi, ndi chefe da cela, ku Malawi amati nyapala. Mmawa iyeyo ndi amene amalemba lista ya odwala nkupereka kwa gwarda, ndiye ngati m'chipinda muli anthu odwala 15 koma anena kuti lero tikufuna 5 okha, mukuganiza kuti asanuwo amasankhidwa bwanji? Sopo, shuga, fodya, kapena ndiwo zomwe abale ako abweretsa pa vizita. Amene alibe omuyendera amatsokomola mpaka kugwa, akagwa ndi pamene aliyense amathamanga. Sikuti ma chefe onse ndi oipa ayi, wathu wachiwiri anali munthu wachifundo amayamba kulemba amene afooka kwambiri, koma moyo wa munthu usamadalire kuti chefe wa chaka chino ali ndi mtima wotani.

Ine ndinali kumunsi kotentha kuja osati kumapiri kwanuko, October ndi November kutentha kumapitirira 40, chipinda chatsekedwa kuyambira madzulo dzuwa lisanalowe mpaka mmawa, kawindo kamodzi kammwamba, kugona chammbali mothinana moti mmodzi akafuna kutembenuka mpaka mzere wonse utembenuke, chidebe chili pakona, wina akutsokomola usiku wonse pakhosi pako penipeni. TB ndinaitengera mmenemo, ndinalowa ndili bwinobwino. Chakudya ndi nsima ndi nyemba zamadzimadzi, ena khungu la pakhosi ndi pamikono limada nkumasupuka ngati apsa ndi moto, ena miyendo kutupa, ndipo mankhwala a TB ukamwa pamimba popanda kanthu njala yake imakhala yoopsa moti ndinaona anthu akubisa mapiritsi pansi pa mphasa ati bola chifuwa kusiyana ndi njala imeneyo. Ndiye chemwali mukamapita muzinyamula nsinjiro, usipa, soya, ndi sopo wambiri, komanso kagawo kena muziwauza agawireko oyandikana nawo pogona chifukwa ndi amene adzawagwirire dzanja akafooka.

Chomwe ndikufuna muchenjere nacho kwambiri ndi tsiku lotuluka kapena losamutsidwa. Ine ndinatuluka mu April 2020 pa chikhululukiro chija cha nthawi ya Covid pomwe anatulutsa anthu oposa 5,000 dziko lonse, anangoitana maina pabwalo, tenga katundu wako, pita. Ndinali mwezi wachitatu wa mankhwala a TB, sanandipatse pepala lililonse, khadi linatsala mu kabati ya ku posto ndipo namwino tsiku limenelo kunalibe. Ndi chimwemwe chotuluka sindinaganizeko. Ndinafika kunyumba, ndinakhala mwezi ndi theka osamwa, chifuwa chinabwerera ndipo mwana wanga wamng'ono naye anadwala, tonse awiri tinayamba mankhwala limodzi. Mpaka lero ndikamuyang'ana mwanayo mtima umandipweteka. Ndiye jambulani khadi lililonse pafoni, la ARV, la TB akawapatsa, sungani kunyumba, chifukwa tsiku lomwe adzawasamutse palibe adzakuuzeni.

Wakwathu_77

Koma abale tisanamizane, ife amene sitinalakwe kanthu tikumafika kuchipatala 5 koloko mmawa nkubwerako opanda mankhwala, ndiye boma liyambe ndi akundende? Pepani mayi sindikunyoza mlongo wanu koma zinthu zili choncho.

Mphwanga_wa_malamulo

Achimwene Wakwathu_77, dandaulo lanu la mzere wa kuchipatala ndi loona, amayi anga omwe amadzuka usiku chifukwa cha mzere umenewo. Koma taonani kusiyana kwake. Inu mukabwezedwa mutha kukwera chapa kupita chipatala china, mutha kugula ku farmácia, mutha kuwoloka pa Calómue kukayesa ku Dedza. Munthu amene boma lamutsekera lamulanda njira zonsezi, ndiye amene watseka chitsekoyo ndi amene wasenza udindo. Komanso mlongo wa mayiwa sanaweruzidwe nkomwe. Ndipo mwamva nkhani ya mwana wa ku Zóbuè uja, mwanayo analakwa chiyani? Mpweya wa m'chipinda chija umatuluka ndi agwarda madzulo aliwonse, umatuluka ndi obwera pa vizita, umatuluka ndi omasulidwa.

Mayi Nachisale, ndikupatseni mbali ya malamulo. Constituição yathu pa artigo 89 imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala, ndipo pa artigo 61 imati chilango sichimulanda munthu maufulu ake akuluakulu kupatula okhawo amene kumangidwako kumakhudza. SERNAP inakhazikitsidwa ndi Lei 3/2013, ndipo kayendetsedwe ka zilango kali mu Código de Execução das Penas, Lei 26/2019. Pamwamba pa izi pali malamulo a United Nations a 2015 otchedwa Nelson Mandela Rules. Lamulo 24 limati zaumoyo wa akaidi ndi udindo wa boma, thandizo lake likhale lofanana ndi la kunja, laulere, ndipo liyendetsedwe mogwirizana kwambiri ndi zaumoyo za dziko kuti mankhwala a HIV ndi TB asaduke. Lamulo 30 limati aliyense wolowa aonedwe ndi wachipatala msanga akangofika. Likanatsatidwa limeneli mlongo wanu akanalembedwa tsiku loyamba lomwelo. Koma lomwe ndimalikonda ndi 27, limati chigamulo cha zachipatala chimapangidwa ndi achipatala okha ndipo ogwira ntchito kundende amene si achipatala sangachisinthe kapena kuchinyalanyaza. Kunena kwina, namwino akati uyu apite kuchipatala, ntchito ya adirekitala ndi kupeza njira yomupititsira, osati kuganizira ngati akudwaladi.

Zoti muchite. Lekani kulankhula pakamwa pokha, mawu apageti amauluka ndi mphepo. Lembani requerimento, kalata yopempha, kwa adirekitala, makope awiri, imodzi isiyeni ku secretaria, inayo akudindireni ndi deti mubwere nayo. Lembaninso ina kwa médico chefe ku SDSMAS. Kenako pitani ku IPAJ, amathandiza ulere anthu osowa ndalama ya loya, akaone ngati nthawi ya prisão preventiva sinapitirire komanso ngati sangapemphe kuti adikire mlandu ali kunyumba poti akudwala. Ndipo musaope ku Procuradoria, procurador wa distrito ndi ntchito yake kuyendera malo otsekera anthu ndi kuona ngati lamulo likutsatidwa. Zikakanika palinso Provedor de Justiça, wolandira madandaulo okhudza maofesi aboma, ndi Comissão Nacional dos Direitos Humanos, komishoni ya maufulu a anthu, imene inapatsidwa ntchito yoyendera ndende pansi pa pangano loletsa kuzunza anthu la OPCAT lomwe dziko lathu linalowa mu 2014. Vuto la awiri omalizawa ndi loti ali kutali ndi Dómue, ndiye yambani ndi apafupi.

Maganizo anga ine, ndipo ndikudziwa ena atsutsa, zaumoyo za m'ndende zichoke ku unduna wa zachilungamo zipite ku MISAU kwathunthu. France inachita zimenezi mu 1994, England inamaliza kusamutsira ku NHS, a zaumoyo a boma, mu 2006. Namwino amene malipiro ake, kukwezedwa kwake ndi kusamutsidwa kwake zili m'manja mwa mwini kiyi sangalembe lipoti loti chakudya ndi choipa kapena kuti bala ili labwera ndi ndodo. Tisaiwale za ku Mogincual ku Nampula mu March 2009 pomwe anthu 12 anafera m'chitolokosi cha apolisi chifukwa chothinana ndi kusowa mpweya. Chija chinali cha apolisi osati ndende, koma phunziro ndi lomwelo, pamalo pomwe palibe munthu wakunja wololedwa kunena kuti izi ziphetsa anthu, anthu amafadi.

Gwarda_wakale

Ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti ndiyankhepo poti mbali yathu palibe waikamba. Ndinavala yunifomu imeneyo zaka zoposa 20. Choyamba mayi, amene anakupemphani 500 uja analakwa, sindimuikira kumbuyo, ndipo ngati mukumudziwa nkhope mukanene ku Procuradoria nkhani ya achimwene anu ikatheka. Za lista ya chefe da cela nazonso ndi zoona, tinkazisiya choncho chifukwa zinkatipeputsira ntchito, ndipo sizinali bwino.

Koma mphwanga wa malamulo, za ku France zo ndamva, funso langa ndi loti ukasintha dzina la unduna pachitseko cha posto mafuta agalimoto achokera kuti? Tangoganizani usiku muli agwarda anayi, akaidi mazana, mmodzi wadwala. Kuti apite kuchipatala pakufunika awiri omuperekeza, akagonekedwa mmodzi akhale pambali pa bedi usana ndi usiku mwina sabata yathunthu. Atsala awiri kundende yonse. Wodwala uja akathawira pawindo la chimbudzi cha chipatala, processo ndi yako, ntchito yatha mwinanso ulowa m'chipinda chomwecho. Koma akafera mkati ndi chifuwa amalemba kuti wamwalira ndi matenda, palibe amafunsidwa. Ndiye mwaona pomwe pali vuto? Dongosolo limalanga gwarda amene wathawitsa munthu koma silifunsa kanthu munthu akafa. Tsiku lomwe adirekitala adzayambe kufunsidwa kuti chaka chino amwalira angati, chifukwa chiyani, anaonedwa liti ndi namwino, mudzaona mafuta akupezeka.

Komwe ndinaona zikuyenda sikunali kusintha unduna. Kunali adirekitala ena amene anapita okha kwa médico chefe nkugwirizana kuti chipatala chizibwera mkati, tsiku limodzi lokhazikika pa sabata técnico amabwera ndi bokosi lake ndi buku, amayeza onse olowa kumene, amatenga makhololo, amasiya mankhwala a mwezi. Anasankhanso munthu mmodzi mbali iliyonse, ponto focal, woti zikavuta tikudziwa woimbira. Maulendo akuchipatala anachepa, ife tinapuma, odwala anapuma. Adirekitalawo atasamutsidwa zonse zinatha pa miyezi itatu chifukwa sizinalembedwe paliponse, zinali za ubale wa anthu awiri. Apa ndiye ndikugwirizana nawe mphwanga, zikhale zolembedwa zoti aliyense wobwera azipeze.

Ndipo chachikulu ndi kuchuluka kwa anthu. Ndende za dziko lino zikusunga anthu oposa kawiri malo ake, ambiri ndi ongodikira mlandu ndi a milandu ya nkhuku ndi mbuzi. Lamulo la trabalho socialmente útil lilipo kuyambira Código Penal ya 2014, munthu akhoza kugwira ntchito yothandiza anthu akugona kwawo. Makhoti akanaligwiritsa ntchito mokwanira theka la chifuwa chimenechi bwenzi kulibe. Ifenso timapuma mpweya womwewo, anzanga awiri anadwala TB tili pantchito ndipo mmodzi tinamuika m'manda.

Mphwanga_wa_malamulo

Bambo Gwarda zikomo, mfundo yanu yoti imfa siifunsidwa yandigwira. Malamulo a Mandela omwewo amati imfa iliyonse ya m'ndende inenedwe msanga kwa akuluakulu amene sali pansi pa ndendeyo kuti afufuze. Pa za unduna sindinasinthe maganizo, namwino akhale ndi bwana wake kunja kwa mpanda, koma ndavomera kuti popanda mafuta ndi anthu operekeza zingokhala za papepala.

Nachisale_Domue

Abale anga ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera, pepani ndachedwa netiweki kuno imavuta. Ndinawafunsa kaye achimwene ngati mmene munanenera bambo anamwino, anati lemba zonse usabise, moyo ndi wanga. Mphunzitsi wina wa kuno anandithandiza kulemba requerimento m'Chipwitikizi, makope awiri awiri. Ku secretaria poyamba amafuna angolandira osadinda, ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka 11 ndikuti sindichoka, mapeto ake anadinda. Ku SDSMAS ndinapeza mayi wina amene anandimvetsera bwino, anaimba foni ndili pomwepo. Lachinayi anamwino analowa ndi kabotolo, Lolemba zotsatira zinatuluka, ndi TB, koma akuti ndi yomva mankhwala. Ayamba kumwa Lachiwiri ndipo técnico anabwera kudzawaona mkati momwemo, akuti ma ARV awayambitsanso pakapita masiku pang'ono thupi likazolowera a TB wa. Guia ndatenga, makadi onse ndajambula. 500 ija sindinapereke. Ku IPAJ andiuza ndipitenso Lachisanu ndi nambala ya processo.

Koma pali china chikundisowetsa tulo. Achimwene akuti awiri amene amagona nawo moyandikana akutsokomola chimodzimodzi, mmodzi ndi mnyamata wa ku Tsangano amene chilowereni palibe wabwera kudzamuona, ndipo sanawapatule, onse akugonabe chipinda chimodzi. Kodi ine amene si m'bale wawo ndingalembe kalata yopempha kuti chipinda chonse chiyezedwe, kapena ndiwapalamulira achimwene?

Namwino_wopuma_Moatize

Mayi mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni. Zoti ma ARV adikire pang'ono ndi zoona, nthawi zambiri sipapitirira masabata awiri, ndiye muwerenge masiku ndipo akakwana mufunse. Mufunsenso ngati awaonjezera kapiritsi kena ka dolutegravir komwa madzulo, chifukwa rifampicina ya mu mankhwala a TB imachepetsa mphamvu ya ma ARV a TLD m'thupi ndipo kundende zimenezi zimaiwalika kawirikawiri.

Za chipindacho simukufunika kukhala m'bale wa aliyense. Munthu akapezeka ndi TB, kuyeza amene amagona naye ndi ntchito ya pulogalamu ya TB, amati rastreio de contactos, ndipo kwa achimwene anu apabanja pawo panopa ndi a m'chipindamo. Musalembe kwa adirekitala, bwererani kwa mayi aja a ku SDSMAS mufunse amene amayang'anira TB m'distrito, mumuuze kuti wodwala watsopanoyu amagona ndi anthu angati ndipo awiri akutsokomola kale. Ikachokera kumeneko imalowa ngati ntchito yachipatala, dzina lanu silimveka. Dzina la mnyamata wa ku Tsangano uja alitenge achimwene anu Loweruka, mukalipereke pamanja kuti kabotolo koyamba kakhale kake.